Ndalama za Boma Lalikulu ndi Nyumba za Anthu Opeza Zochepa: Chitsanzo cha Mzinda wa Burlington

Mawu oyamba

M'dziko la United States of America ulamuliro uli pa misinkhu itatu. Pali boma lalikulu limene likulu lake lili ku Washington, pali maboma a zigawo okwana 50, ndipo pansi pa amenewa pali makhonsolo a mizinda ndi a madera. Chaka ndi chaka boma lalikulu limapatula ndalama zimene limatumiza ku mizinda kuti zithandize mabanja opeza zochepa kukhala m'nyumba zoyenera, ndiponso kuti madera amene mabanjawo amakhala atukuke. Ndalamazi si ngongole ayi, mzinda subweza. Komabe zimabwera ndi malamulo ake, ndipo ndi zochepa poziyerekeza ndi kukula kwa vuto la kusowa kwa nyumba.

M'nkhani ino tifotokoza kumene ndalamazi zimachokera, malamulo amene amazitsogolera, ndi mmene mzinda umodzi waung'ono, wa Burlington m'chigawo cha Vermont, wakhala ukuzigwiritsira ntchito. Mzindawu ndi wodziwika chifukwa udapeza njira yoti chithandizo choperekedwa kamodzi chisathere pa banja limodzi, koma chikhalebe pa nyumbayo ndi kuthandizanso mabanja obwera m'mbuyo.

Kumene ndalamazi zimachokera

Unduna umene umayang'anira ndalamazi umatchedwa Department of Housing and Urban Development, mwachidule HUD. Udakhazikitsidwa m'chaka cha 1965, pa nthawi ya Pulezidenti Lyndon B. Johnson, kuti uziona za nyumba ndi chitukuko cha mizinda.

Chaka cha 1974 chisanafike, mzinda wofuna chithandizo unkayenera kupempha ku Washington pa ntchito iliyonse payokhapayokha, ndipo akuluakulu a kumeneko ndiwo ankagamula. Ndondomeko yaikulu ya nthawi imeneyo, yochokera m'lamulo la nyumba la 1949, inali yogwetsa madera amene ankaoneka osakazika ndi kumangapo zatsopano. Mabanja ambirimbiri, makamaka a anthu akuda ndi a anthu osauka, adachotsedwa m'malo awo, ndipo nyumba zimene zidamangidwa pambuyo pake sizidafanane ndi kuchuluka kwa zimene zidagwetsedwa. Madandaulo adakula, ndipo pa 22 Ogasiti 1974 Pulezidenti Gerald Ford adasaina lamulo latsopano limene lidaphatikiza ndondomeko zingapo zakale kukhala thumba limodzi lotchedwa Community Development Block Grant, mwachidule CDBG. Ganizo lake lidali lakuti mzinda uzilandira ndalama zonse pamodzi, kenaka uzisankha wokha zoyenera kuyamba, malinga usaphwanye zolinga za lamulo.

Pa thumba limeneli mizinda sipikisana. Gawo la mzinda uliwonse limawerengedwa potsata chiwerengero cha anthu, kuchuluka kwa osauka ndi kuthithikana kwa anthu m'nyumba. Mu 1977 kudawonjezedwa njira yachiwiri yowerengera imene imaona kwambiri kuchuluka kwa nyumba zomangidwa chisanafike chaka cha 1940, ndipo mzinda umapatsidwa gawo lake potsata njira imene ikuukomera pa ziwirizi. Magawo 70 pa 100 aliwonse a thumbali amapita mwachindunji ku mizinda ya anthu osachepera 50,000, ku mizinda imene ili likulu la dera lake, ndi ku madera akuluakulu a m'tauni. Magawo 30 otsalawo amadzera ku maboma a zigawo, amene amagawira matauni ang'onoang'ono.

Thumba lachiwiri limatchedwa HOME. Lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1990, pa nthawi ya Pulezidenti George H. W. Bush, ndipo ntchito yake ndi ya nyumba basi: kumanga, kugula, kukonza, kapena kuthandiza banja kulipira lendi. Palinso matumba ena ang'onoang'ono, monga la anthu osowa pogona, lochokera m'lamulo la 1987, ndi la nyumba za anthu odwala Edzi. M'chaka cha 2024 Nyumba ya Malamulo ya dzikolo idapatula pafupifupi $3.3 biliyoni ku CDBG ndi $1.25 biliyoni ku HOME.

Malamulo a kagwiritsidwe ntchito kake

Ntchito iliyonse yolipiridwa ndi CDBG iyenera kukwaniritsa chimodzi mwa zolinga zitatu izi: kupindulira anthu opeza zochepa, kuchotsa kapena kupewa kusakazika kwa dera, kapena kuthana ndi vuto ladzidzidzi limene likuopseza moyo wa anthu. Magawo osachepera 70 pa 100 a ndalamazo ayenera kupita ku cholinga choyamba chija. Banja limawerengedwa kuti ndi lopeza zochepa ngati zimene limapeza pachaka sizipitirira magawo 80 pa 100 a zimene banja la pakatikati limapeza m'deralo. Ndipo nyumba imatchedwa yofikirika mtengo ngati banja siliwononga zoposa magawo 30 pa 100 a zopeza zake pa lendi kapena ngongole ya nyumba, pamodzi ndi madzi, magetsi ndi zotenthetsera.

Lamulo lidaikanso malire. Ntchito zothandiza anthu tsiku ndi tsiku, monga chakudya, malo ogona, kusamalira ana ndi uphungu, sizingadye zoposa magawo 15 pa 100. Zoyendetsera ofesi ndi kukonza mapulani sizingapitirire magawo 20. Kawirikawiri CDBG siloledwa kumangira nyumba zatsopano, koma imagulira malo, imakonzera nyumba zakale, misewu, mipope ndi nyumba zochitira zinthu za m'dera. Ngati ndalamazi zagwetsa nyumba za anthu opeza zochepa, mzinda uyenera kubwezeretsa chiwerengero chomwecho, kuti zimene zidachitika m'mbuyomu zisabwererenso.

Thumba la HOME lili ndi zakezake. Pa madola anayi aliwonse ochokera ku Washington, mzinda uyenera kupezapo dola imodzi kuchokera kwina. Magawo osachepera 15 pa 100 amasungidwira mabungwe a m'dera osafuna phindu amene amamanga nyumba. Nyumba yothandizidwa iyenera kukhala yofikirika mtengo kwa zaka zoyambira 5 mpaka 20, malinga ndi kukula kwa chithandizocho ndi mtundu wa ntchitoyo. Zaka zimenezi zikatha, lamulo la boma lalikulu silimumanganso mwini nyumba.

Kuyambira mu 1995, mzinda uliwonse wolandira ndalamazi umalemba pulani yaikulu ya zaka zitatu kufikira zisanu yofotokoza zosowa zake, ndi pulani ina yaing'ono ya chaka ndi chaka. Pulani isanatumizidwe ku HUD imaikidwa poyera kwa masiku 30 kuti nzika zinenepo maganizo awo, ndipo mzinda uyenera kuchititsa misonkhano ya poyera yosachepera iwiri pachaka. Chaka cha ntchito chikatha, pasanapite masiku 90, mzinda umapereka lipoti losonyeza zimene udalonjeza ndi zimene wachitadi.

Mzinda wa Burlington

Burlington ali kumpoto chakum'mawa kwa dziko la United States, m'mphepete mwa nyanja ya Champlain, kufupi ndi malire a dziko la Canada. Ndi mzinda waukulu koposa m'chigawo cha Vermont, ngakhale kuti kalembera wa 2020 adapezamo anthu 44,743 okha. Chiwerengerochi sichifika pa 50,000, koma mzindawu umalandira CDBG mwachindunji chifukwa ndiwo likulu la dera lake. Gawo lake la thumbali m'zaka zaposachedwa lakhala losafika $1 miliyoni pachaka, ndalama imene singamange ngakhale mdadada umodzi wa nyumba zosanja.

Vuto la nyumba mumzindawu lili ndi magwero odziwika. Nyumba zambiri ndi zakale, zamatabwa, ndipo nyengo yachisanu ndi yaitali, ya chipale chofewa, kotero kuti kugona panja kungathe kupha munthu. Mabanja oposa theka amakhala m'nyumba za lendi. Mumzinda momwemo muli sukulu ya ukachenjede ya University of Vermont, yokhazikitsidwa mu 1791, ndipo ophunzira ake zikwizikwi amalimbirana nyumba zomwezo ndi mabanja a anthu apantchito. Ophunzira anayi akasonkherana lendi amatha kulipira zimene banja la malipiro amodzi silingakwanitse. Mzindawu udalawanso kuwawa kwa ndondomeko yakale ija: m'zaka za m'ma 1960 dera la pakati pa mzinda, kumene kunkakhala mabanja ambiri ochokera ku Italy, lidagwetsedwa ndi ndalama za boma lalikulu, anthu ake n'kubalalika.

Amene amagamula za ndalamazi

Mu 1981 Bernie Sanders adasankhidwa kukhala meya wa mzindawu atapambana ndi mavoti 10 okha, ndipo adakhala pampandowo mpaka 1989. Iyi idali nthawi imene boma la Pulezidenti Ronald Reagan linkachepetsa ndalama za nyumba, motero mzinda udayenera kulingalira mozama za mmene ungatambasulire zochepa zimene unkalandira. Mu 1982 kudakhazikitsidwa misonkhano ya nzika m'mawodi a mzinda, yotchedwa Neighborhood Planning Assemblies, ndipo mu 1983 kudatsekulidwa ofesi ya khonsolo yoona za chitukuko cha madera ndi chuma, yodziwika kuti CEDO. Mtsogoleri wake woyamba adali Peter Clavelle, amene pambuyo pake adalowa m'malo mwa Sanders ngati meya.

Ofesi imeneyi ndiyo imayendetsa ndalama za CDBG ndi HOME. Mabungwe ofuna chithandizo amalemba zopempha zawo, ndipo komiti ya alangizi, mmene muli nzika zosankhidwa kuchokera ku misonkhano ya m'mawodi ija, imawerenga zopemphazo ndi kuziyeza. Maganizo a komitiyi amapita kwa meya ndi kwa makhansala, amene amapereka chigamulo chomaliza. Zopempha zimaposa ndalama zimene zilipo, choncho anthu wamba okhala m'komitiyi amasenza udindo wolemera wosankha pakati pa zosowa zimene zonse ndi zenizeni.

Bungwe losungira anthu malo

Atsogoleri a Burlington adaona kuti njira yozolowereka yothandizira banja kugula nyumba ili ndi chibowo. Boma limapereka ndalama, banja limagula nyumba motsika mtengo, koma patapita zaka banjalo limagulitsa nyumbayo pa mtengo wa pamsika. Chithandizo chonse chimapita ndi wogulitsa, ndipo banja lotsatira limafunika chithandizo chachikulu kuposa choyamba chija, popeza mitengo imakhala itakwera.

Pofuna kutseka chibowo chimenechi, mu 1984 khonsolo idapereka $200,000 zoyambitsira bungwe lotchedwa Burlington Community Land Trust. Nzeruyi idali itayesedwa kale kumwera kwa dzikolo, m'chigawo cha Georgia, kumene mu 1969 omenyera ufulu wa anthu akuda, monga Slater King ndi Charles Sherrod, adayambitsa bungwe la New Communities kuti alimi achikuda akhale ndi malo amene palibe angawalande. Chachilendo ku Burlington chidali chakuti khonsolo ya mzinda ndiyo idatsogolera ndi kuikapo ndalama zake.

Kayendetsedwe kake ndi kotere. Bungwe limakhala mwini wa malo, ndipo siliwagulitsa. Banja limagula nyumba imene ili pamalopo, ndipo limachita pangano la nthawi yaitali logwiritsa ntchito malowo, limene ana angathe kulowa ngati cholowa. Chithandizo cha boma chimatsitsa mtengo wogulira, ndipo ndalama yotsalayo banja limakongola kubanki monga mwa nthawi zonse. Tsiku limene banjalo lidzafune kugulitsa, limatenga zimene lidalipira, limalandiranso za zimene lidawonjezera pa nyumbayo, koma pa kukwera kwa mtengo limatengako pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Magawo atatu otsalawo amakhala pa nyumbayo, kutanthauza kuti wogula wotsatira sawalipira.

Tiyerekeze ndi chitsanzo chongofotokozera. Nyumba ya $200,000 yalandira chithandizo cha $40,000, banja n'kuigula pa $160,000. Patapita zaka, katswiri woyeza mitengo wapeza kuti nyumbayo yafika pa $260,000, ndiye kuti yakwera ndi $60,000. Wogulitsa atengapo pafupifupi $15,000 pamwamba pa mtengo umene adagulira. Banja lachiwiri ligula nyumbayo pa mtengo wa pafupi ndi $175,000 m'malo mwa $260,000, popanda boma kutulutsanso ndalama ina. Motero chithandizo chimene lamulo la HOME likadachimasula patatha zaka zowerengeka chimasanduka chokhalitsa.

Utsogoleri wa bungweli udagawidwa patatu mofanana: okhala m'nyumba za bungwe, mamembala ena a m'dera, ndi oimira zofuna za anthu onse. Mu 1992, Sanders ali phungu ku Washington, tanthauzo la mabungwe oterewa lidalembedwa m'lamulo la nyumba la dziko lonse, zimene zidawatsekulira khomo lolandira ndalama za HOME. Mu 2006 bungwe la ku Burlington lidaphatikizana ndi lina lotchedwa Lake Champlain Housing Development Corporation, n'kupanga Champlain Housing Trust, limene limagwira ntchito m'madera atatu a Chittenden, Franklin ndi Grand Isle. Mu 2008 lidalandira mphotho ya World Habitat Award. Pofika m'zaka za m'ma 2020 linali ndi nyumba zoposa 600 zogulidwa mwa njira tafotokozayi, ndi nyumba za lendi zoposa 2,000. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2009, wolembedwa ndi John Emmeus Davis ndi Alice Stokes, adapeza kuti nyumba zimene zidagulitsidwanso zidakhalabe zofikirika mtengo, ndiponso kuti ambiri mwa amene adagulitsa adakagula nyumba zina pamsika wamba.

Phunziro la ku Northgate

Kuopsa kwa chithandizo chokhala ndi malire a zaka kudaonekera poyera pa nyumba za Northgate, kumpoto kwa mzindawu. Awa ndi malo a nyumba za lendi 336, zimene zidamangidwa ndi ngongole yotsika chiwongoladzanja ya boma lalikulu. Pangano lidalola eni ake kubweza ngongoleyo patatha zaka 20 ndi kumasuka ku malamulo a lendi yotsika. Nthawiyo itayandikira, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kudamveka kuti nyumbazo zisandutsidwa za mtengo wapatali, ndipo mabanja mazanamazana adali pa chiopsezo chosowa kolowera.

Okhala m'nyumbazo adagwirizana, khonsolo idakhwimitsa malamulo a kasinthidwe ka nyumba za lendi kukhala zogulitsa, ndipo mu 1989 malowo adagulidwa ndi bungwe losafuna phindu, ndi ndalama zosonkhedwa kuchokera ku boma lalikulu, ku boma la Vermont ndi ku mzinda. Nyumbazo zidakonzedwa, lendi idakhalabe yofikirika, ndipo okhalamo adapatsidwa mphamvu pa kayendetsedwe kake.

Paja mutu umodzi susenza denga. Ndalama za ku Washington pazokha sizikadakwanitsa ntchito zoterezi, choncho mzinda ndi chigawo zidaikapo zawo. Mu 1987 boma la Vermont lidakhazikitsa Vermont Housing and Conservation Board, bungwe lopereka ndalama za nyumba zokhalitsa ndi zoteteza minda ndi nkhalango. Burlington nayenso adayambitsa thumba lakelake la nyumba, limene limadzazidwa ndi kagawo ka msonkho wa malo. Mu 1990 khonsolo idakhazikitsa lamulo lakuti womanga nyumba zisanu kapena kuposerapo pamalo amodzi apatule magawo 15 mpaka 25 pa 100 kuti zikhale zofikirika mtengo. Ntchito imodzi yomanga imatha kulumikiza ndalama zochokera kosiyanasiyana, kuphatikizapo za makampani amene amachotseredwa msonkho potsata lamulo la 1986. Pa mtolo umenewu, gawo la CDBG kapena HOME limakhala laling'ono, koma kawirikawiri ndilo limatseka mpata wotsala kuti ntchito iyambe.

Zosowa zina za m'dera

Si ndalama zonse zimene zimapita ku makoma ndi madenga. Mkati mwa malire a magawo 15 aja, mzindawu wakhala ukuthandiza mabungwe osunga anthu osowa pogona, opereka chakudya, osamalira ana aang'ono ndi othandiza amayi othawa nkhanza za m'banja. Ndalama zina zimapita ku uphungu wa anthu oyamba mabizinesi ang'onoang'ono ndi kukonza malo amene adaipitsidwa ndi mafakitale akale. Ofesi ya CEDO imayendetsanso ntchito yochotsa penti wokhala ndi mtovu m'nyumba zakale, ndi ndalama zapadera za HUD. Penti wotere adaletsedwa m'nyumba mu 1978 chifukwa fumbi lake limawononga ubongo wa ana, koma adakalipo m'nyumba zambiri zomangidwa kale.

Zambiri mwa ntchitozi zimachitikira ku Old North End, dera lakale la anthu apantchito, kumene kudakhazikikanso othawa kwawo ochokera ku Vietnam, Bosnia, Somalia, Congo ndi Bhutan. M'dera lomweli, mu 2017, Champlain Housing Trust idagula nyumba imene kale idali sukulu ya Katolika ya St. Joseph, n'kuisandutsa likulu la ntchito za m'dera, mmene muli malo a ana, a okalamba ndi a bungwe lothandiza alendo ochokera ku Africa ndi kwina. Mliri wa Covid-19 utagwa mu 2020, Nyumba ya Malamulo idawonjezera $5 biliyoni ku CDBG ya dziko lonse, ndipo idachotsa kwa kanthawi malire a magawo 15 aja pa ntchito zolimbana ndi mliriwo.

Mavuto amene atsala

Tisaganize kuti Burlington adathetsa vuto la nyumba. Mu 2022 nyumba za lendi zopanda anthu m'dera la Chittenden sizinkafika ngakhale imodzi pa 100 zilizonse, ndipo lendi idakwera kwambiri. Mu 2022 ndi 2023 chigawo cha Vermont chidali m'gulu la zigawo zokhala ndi anthu osowa pokhala ambiri koposa poyerekeza ndi chiwerengero cha nzika zake. Mu 2023 mzindawu udachita kutsekula timanyumba tating'ono togonamo mongoyembekezera pa msewu wa Elmwood. Njira yosungira malo imateteza nyumba zimene zalowa m'manja mwa bungwe, koma payokha siyingachulukitse nyumba mofulumira monga mmene anthu akuzifunira.

Pali enanso amene amadandaula kuti banja logula nyumba ya bungwe silipindula mokwanira mitengo ikakwera, pamene kwa anthu ambiri a m'dzikolo nyumba ndiyo nkhokwe ya chuma cha banja. Oikira kumbuyo njirayi amayankha kuti popanda chithandizocho banjalo likadakhalabe pa lendi, osasunga kanthu.

Vuto lina ndi la ndalama zenizenizo. Mu 1975 thumba la CDBG lidali la pafupifupi $2.5 biliyoni, logawidwa ku mizinda ndi madera pafupifupi 600. Patatha zaka 50 olandira mwachindunji adaposa 1,200, mitengo ya zinthu idakwera kangapo konse, koma thumbalo lidangokula pang'ono. Mu 2017 boma la Pulezidenti Donald Trump lidapempha kuti CDBG ndi HOME zithetsedwe, ponena kuti phindu lake silioneka bwino ndiponso kuti udindowu ndi wa zigawo ndi mizinda. Aphungu a zipani zonse ziwiri adakana, koma maganizo omwewo adabweranso mu 2025.

Mawu otsiriza

Ndalama za boma lalikulu zimadza chaka ndi chaka, zimatha kuchepa, ndipo tsogolo lake limadalira ndale za ku Washington zimene mzinda waung'ono sungazilamulire. Chimene mzinda ungalamulire ndi malo amene ukuika ndalamazo. Burlington adasankha kuti zochepa zimene amalandira aziphatikize ndi zake, alole nzika kunenapo, ndipo aziike pa malo ndi nyumba zimene sizidzabwereranso pa mtengo wa pamsika. Chifukwa cha chisankho chimenechi, nyumba zimene zidagulidwa ndi chithandizo m'zaka za m'ma 1980 zikulandirabe mabanja opeza zochepa, wina akatuluka wina n'kulowa, pa mtengo umene angaukwanitse.